Bambo ake amutengera mwana ku Joni osandiuza, ndiyambire pati?

Gulu la makolo a ku Zomba

Mayi a Tadala (Chinamwali):
Makolo anzanga, ndatha masiku atatu ndikulemba n'kumafufuta, koma lero ndalimba mtima. Ine ndi bambo a mwana wanga tinasiyana zaka zitatu zapitazo. Ukwati wathu unali wa kwa ankhoswe ndipo unathera komweko, ku khoti sitinapondeko. Mwanayo ndi wamkazi, wa zaka 7, ndipo wakhala ndi ine chibadwire. Bambo akewo amagwira ntchito ku Joni. Sukulu zitatsekera mu Disembala anatulukira ndi nsapato zatsopano ndi chikwama cha sukulu, n'kupempha kuti akadye naye Khirisimasi kwa agogo ake ku Balaka, abwera naye pa 2 Januwale. Ndinamulongedzera ndekha, madiresi atatu, juzi, ndi mankhwala ake opopera m'kamwa chifukwa amadwala mphumu. Pa 2 foni sinkalowa. Pa 4 ndinakwera minibasi mpaka ku Balaka, apongozi n'kundiyankha ali chisesere pabwalo kuti anapita naye, nanga si bambo ake. Pa 6 usiku inandipeza foni ya nambala yoyamba ndi +27. Akuti mwana wafika bwino, sukulu za kumeneko n'zabwino, ndisavutike. Mwanayo ndinangomumva mawu amodzi okha, "amayi", foni n'kuduka. Sindinasaine pepala lililonse. Ofesi ina imene ndinayambira kupitako anandiuza kuti bambo sangabe mwana wake yemwe, ndikakambirane ndi ankhoswe. Sukulu zatsegulira, yunifolomu yake ili kuseri kwa chitseko mmene ndinaisitira muja. Ndithandizeni nzeru, ndiyambire pati?

Nambewe (woyang'anira gulu):
Pepani kwambiri achemwali, mwachita bwino kulankhula. Ndisanatsegule nkhaniyi ndipemphe tonse: pasapezeke wofunsa dzina la bamboyo, ndipo chithunzi cha mwana chisaikidwe pano. Nkhaniyi ikhoza kukafika ku khoti, tisamuonongere mnzathu.

Mayi a Praise (Sadzi):
Mayo ine, misozi ikungotuluka. Limbani mtima mayi. Mwanayo adzabwera.

Agogo Mbewe (Jali):
Mwana wanga, kwathu kuno nkhani iyi sivuta kuimasulira. Ana ndi a kuchikazi. Mwinimbumba ndi mlongo wako, osati mkamwini. Mkamwini ukwati ukatha amanyamula khasu lake ndi bulangete, mbumba imatsala pamudzi. Kodi alongo ako akudziwa? Iwowo ndiwo anyamuke akaonane ndi ankhoswe a kuchimuna ku Balaka, ndipo amfumu a kumeneko amve. Usapitenso wekha, unalakwitsa kupita wekha paja.

Mayi a Tadala:
Agogo, achimwene akudziwa, ali ku Thondwe. Anaimbira ankhoswe a kuchimuna, koma anangoti iwo za ku Joni sangazithe.

Che Mussa (Johannesburg):
Achemwali, ine ndili konkuno chaka cha 11 tsopano, kwathu ndi ku Songani. Ndikuuzeni mmene ulendowu umakhalira kuti muone pomwe mwana wadutsa. Basi imatulukira ku Mwanza, kulowa Zobue, kudutsa Tete, kukalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Ndi masiku awiri, nthawi zina atatu. Mu 2015 boma la kuno linakhwimitsa zinthu, mwana aliyense wodutsa pa boda amafunika setifiketi ya kubadwa yokhala ndi mayina a makolo onse, ndiponso kalata yolumbira ya kholo lomwe latsala. Mu 2019 anazifewetsa kwa ana a mayiko ena amene akuyenda ndi makolo. Komanso tisabisane, ana ena amadutsa ndi matransipota opanda pepala ndi limodzi lomwe. Ndiye funso loyamba: mwanayo ali ndi pasipoti? Ngati analowa ndi pasipoti ya Malawi anamudindira masiku 30 okha. Akatha amenewo, mwanayo ali kuno popanda chilolezo, ndipo zimenezo zidzamuvutitsa yekha kutsogolo.

Mayi a Tadala:
Pasipoti ine sindinamupangitsirepo. Setifiketi ya kubadwa ya ku NRB ili ndi ine, ndaiona m'sutikesi m'mawa uno.

Che Mussa:
Isungeni ngati diso lanu. Ijambuleni pa foni, mupangitsenso mafotokope.

Achimwene Gift (Mpondabwino):
Ine ndiye sindionapo chovuta. Iye anaba, inunso kabeni. Matransipota omwewo muwapatse ndalama akamutenge mwanayo pa geti la sukulu, pa Sabata ali pa Chinamwali. Za makhoti mudzakalamba nazo.

Chisomo (Chirunga):
Achimwene Gift, ndikumvetsa kupsa mtima kwanu koma chonde maganizo amenewo tiwasiye pomwepa. Mwana wa zaka 7, wa mphumu, m'manja mwa anthu osawadziwa, kuwoloka maboda atatu mobisala? Akagwidwa pa Beitbridge mwanayo akasungidwa ndi a boma la kumeneko, ndipo mayi ake ndi amene adzaoneke olakwa pamaso pa woweruza. Pali ana amene anatayika m'njira imeneyi.

Mayi a Tadala, ine ndinaphunzira zamalamulo. Sindine loya wanu ndipo zimene ndilembe pano sizilowa m'malo mokaonana ndi loya maso ndi maso, koma ndifotokoze mmene zinthu zilili. Zikhala zazitali, mundipirire.

Mawu aja akuti bambo sangabe mwana wake yemwe amanenedwa kwambiri, koma lamulo silinena choncho. Lamulo lathu la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, lili ndi mlandu wotenga, kusunga kapena kubisa mwana popanda chilolezo cha kholo kapena cha munthu amene ali ndi udindo womusunga mwalamulo, ndipo chilango chake chimafika zaka 10. Pomwe pamavuta ndi apa: inu ndi bamboyo nonse ndinu makolo, ndipo palibe pepala la khoti lonena kuti mwana azikhala ndi ndani. Chigamulo cha ankhoswe abale amachilemekeza, koma wa pa boda kapena woweruza wa ku Johannesburg sangachione ndi maso. N'chifukwa chake sitepe yanu yoyamba ndi khoti la ana, Child Justice Court, ndipo kuno ku Zomba lilipo. Mukapemphe chigamulo chakuti mwanayo azikhala ndi inu ndiponso kuti abwezedwe. Khoti limayang'ana chimene chili chokomera mwana, monga mmene gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino likunenera. Lamulo la 2010 lija limatchulanso kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, ndiponso kumva maganizo a mwanayo. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi yawo ilipo mu mzinda uno. Ku ofesi ya Social Welfare ya boma mupitekonso, chifukwa lipoti lawo lonena mmene mwana amakhalira khoti limaligwiritsa ntchito. Ku polisi mukafunse a Victim Support Unit kuti nkhaniyi ilembedwe, mukhale ndi umboni wa tsiku limene munadandaula.

Mayi a Tadala:
Zikomo achemwali. Koma khoti la ku Zomba likagamula, a ku Joniwo amvera?

Chisomo:
Funso lenileni ndi limenelo, ndipo sindikunamizani. Chigamulo cha kuno sichigwira ntchito pachokha ku South Africa. Wapolisi wa kumeneko sangakagogode pakhomo chifukwa cha pepala la ku Zomba.

Mayiko ambiri anathetsa vuto limeneli ndi pangano lomwe linasainidwa mu mzinda wa The Hague, ku Netherlands, pa 25 Okutobala 1980, lonena za ana otengedwa ndi kholo kupita dziko lina. Limakhudza ana osafika zaka 16. Mfundo yake ndi yakuti khoti la dziko lomwe mwana watengeredwa lisayambe kuweruza kuti kholo labwino ndi liti. Lingoona komwe mwanayo amakhala nthawi zonse, n'kumubweza kumeneko mwachangu, nkhani ya kulera ikaweruzidwe kwawo. Panganolo limafuna kuti nkhani iyende m'masabata 6. Dziko lililonse limakhala ndi ofesi imodzi yolandira madandaulo, ndipo ku South Africa ofesi imeneyo ndi ya Chief Family Advocate. South Africa inalowa mu 1997. Zimbabwe ndi Zambia nawonso analowa. Malawi sanalowe, Mozambique sanalowenso. Panganoli limagwira pakati pa mayiko awiri omwe onse ali m'katimo, ndiye khomo limenelo kwa inu ndi lotseka.

Koma makomo ena ndi otsegula. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa, gawo 28, amati chokomera mwana ndicho chimaposa zonse pa nkhani iliyonse yomukhudza, ndipo amanena za mwana aliyense, osati wa kumeneko yekha. High Court ya kumeneko imatengedwa ngati mtetezi wamkulu wa ana onse amene ali m'dzikomo, ndipo alinso ndi makhoti a ana pansi pa Children's Act ya 2005. Mukhoza kukasuma kumeneko, ndipo pepala lanu la ku Zomba lidzakhala umboni wamphamvu kuti mwanayo kwawo ndi kuno ndipo anachotsedwa mwachinyengo. Chimene ndikukuchondererani ndi nthawi. Tinazolowera kunena kuti mlandu suola, koma wa mwana umaola. Akakhala kumeneko chaka, walowa sukulu, wapeza anzake, wayamba kulankhula Chizulu, woweruza amayamba kufunsa ngati kumuzulanso sikumupweteka. Ngakhale pangano la ku Hague lomwelo limasintha kalankhulidwe chaka chikadutsa. Musadikire kuti mwina abwera naye pa Isitala.

Agogo Mbewe:
Mwana wanga Chisomo, ndamva zonse. Koma ine zikundiwawa kuti mwambo wathu ukuoneka ngati ulibe ntchito. Makolo athu ankaweruza nkhani zimenezi pansi pa mtengo zikutha.

Chisomo:
Agogo, ntchito ulipo, ndipo musasiye. Amalume a mwanayo apitebe ku Balaka, chifukwa bamboyo akhoza kumvera mayi ake msanga kuposa woweruza. Nkhani zambiri zotere zimatha ndi kukambirana. Kungoti kale mkamwini akathawa ndi mwana ankathawira kutsidya kwa Likangala, amalume n'kumulondola wapansi. Lero ali mtunda wa masiku atatu pa basi. Ziyendere limodzi, ankhoswe uku, khoti uku.

Bambo a Yankho (Kachulu):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndilankhuleko. Mayi a Tadala, ululu wanu ndikuudziwa chifukwa ndili nawo, kungoti kwa ine wotenga ana anali mayi wawo. Ndine msodzi wa pa Chilwa. Mkazi wanga kwawo kunali kutsidya, ku Mozambique. Titayambana ndinapita kunyanja masiku anayi, pobwera ndinapeza nyumba ili pululu, ngakhale mphasa ya ana palibe. Anakwera boti pa doko pompano ndi anyamata anga awiri, wina wa zaka 9, wina wa zaka 5. Panyanja palibe wofunsa pasipoti. Ndinawatsatira. Abale ake anandikhazika pa mpando bwinobwino, kundipatsa madzi, kenako amalume awo n'kundiuza mawu omwewo amene Agogo Mbewe anena pamwambapa, kuti ana ndi a kuchikazi, ine ndinangobwereka. Wamng'onoyo anandigwira mwendo pochoka, anachita kumuchotsa zala chimodzichimodzi. Papita zaka 4. Wamkulu anasiya sukulu chifukwa kumeneko amaphunzira m'Chipwitikizi ndipo sanathe kutsatira. Ndiye agogo, ndi ulemu wonse, mwambo umenewo kwa ena ndi mpeni. Ine sindinabwereke ana. Ndinkawasambitsa ndekha.

Agogo Mbewe:
Bambo a Yankho, mwandikhudza. Mwambo sunanene kuti bambo asaone ana ake. Amene anakuchitani zimenezo anaupotoza.

Bambo a Yankho:
Mwina anaupotoza, koma palibe anawadzudzula.

Chisomo:
Bambo a Yankho, pamaso pa lamulo lathu bambo ndi mayi onse ali ndi udindo pa mwana, kaya ukwati unali wachikamwini kapena wa chitengwa, kaya lobola inaperekedwa kapena ayi. Kumpoto azimayi amamva mawu ofanana ndi amene munamva inu, kuti ng'ombe zinapita ndiye ana ndi a kuchimuna. Khoti silifunsa kuti ana ndi a mbali iti, limafunsa kuti anawo zinthu ziwayendera bwino kuti. Nkhani yanu patha nthawi, ndipo mwina kuwabweza kungavute, koma kupempha kuti muziwaona ndi kulankhula nawo sikunachedwe. Yambirani ku Social Welfare, muwafotokozere za sukulu ya wamkuluyo.

Aphunzitsi Kalua (Domasi):
Ndionjezepo za umboni, poti ndi zimene ndimazidziwa. Mayi a Tadala, pitani kwa ahedi a sukulu ya mwanayo mawa lomwe. Akulembereni kalata ya chidindo yonena kuti mwanayo ndi wa pasukulupo kuyambira liti, ali sitandade yanji, ndipo teremu ino sanabwere. Tengani masukulu lipoti ake onse. Buku lake la kuchipatala, lija amalembamo za mphumu, ndi umboni wosatsutsika kuti amene amathamanga naye usiku ndi inu. Mameseji onse a pa WhatsApp, makamaka pomwe analonjeza kuti abwera naye pa 2, musafufute, ndipo muwasindikize papepala chifukwa foni imatha kubedwa. Kalata ya amfumu kapena ya kumpingo imathandizanso. Ife aphunzitsi timaona ana akungosowa m'kaundula pakatha holide, tikafunsa timangouzidwa kuti anapita kwa bambo ake. Pena timadziwa mochedwa kuti kunyumba kuli maliro a munthu wamoyo.

Mayi a Tadala:
Uthenga wa pa 2 uja ulipo, ndi wa mawu. Akunena yekha kuti "pa 2 ndikutulira pakhomo". Ndaumvera mwina ka 50.

Nambewe:
Utumizeni kwa achimwene anu ndi kwa munthu wina wodalirika kuti ukhale m'mafoni angapo. Komanso kwa amene sakudziwa, nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana, ndipo a YONECO amene amathandiza kuiyendetsa likulu lawo lili konkuno ku Zomba.

Bambo Chirwa (Matawale):
Ine chimene chikundidabwitsa n'chakuti a Malawi ali ku Joni ndi ochuluka zedi, mabasi amanyamuka tsiku ndi tsiku, koma pangano limene Chisomo wanenali sitinalowemo. Anzathu a ku Zambia analowa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 tinalivomereza mu 1991, ndipo gawo 11 la pangano limenelo limauza maboma kuti alimbane ndi kutulutsa ana m'dziko mosatsata lamulo, ndi kupanga mapangano ndi mayiko ena pa nkhaniyi. Ndiye tikudikira chiyani? Tiwafunse aphungu athu. Mayi uyu bwenzi akungolemba fomu imodzi ku Lilongwe, boma n'kumamulankhulira.

Nasibeko (Chikanda):
Ndinaganiza zokhala chete, koma mawu a Bambo Chirwa andidzutsa. Mayi a Tadala mundikhululukire, sindikutsutsana nanu, zanuzo n'zoonekeratu kuti munalakwiridwa. Koma ine ndine mmodzi mwa amene anthu amati anaba mwana. Ndinakwatiwa ku Joni, mwana anabadwira komweko. Bambo ake ankandimenya, tsiku lina anandithyola dzino mwana akuona, ali pa mpando akudya phala. Ndinalibe mapepala okhalira kumeneko ndiye ku polisi ndinkaopa. Ndinasunga ndalama m'chitini cha mkaka miyezi isanu, tsiku lina iye ali ku ntchito ndinabereka mwana n'kukwera basi. Sindinapemphe chilolezo. Ndikanapempha sindikudziwa ngati bwenzi ndili moyo. Ndiye mukamati tilowe pangano loti mwana azibwezedwa msanga komwe amakhala, ine mtima ukugunda. Bwenzi wanga atabwezedwa kwa munthu uja?

Mayi a Praise:
Pepani achemwali. Munachita chimene mayi aliyense akanachita.

Achimwene Gift:
Koma bamboyo naye akadzalemba pagulu lina kuti mkazi anandibera mwana, anthu adzamumvera chisoni ngati mmene tikuchitira pano. Timva za ndani?

Nasibeko:
Dzino ndilibe mpaka lero achimwene. Mukhoza kubwera kudzaona.

Achimwene Gift:
Pepani mayi, sindimatanthauza kuti mukunama. Ndalankhula mosaganiza.

Chisomo:
Achemwali Nasibeko, zimene mwanenazi ndi mkangano waukulu ngakhale m'mayiko amene ali m'panganomo. Kafukufuku wa bungwe la ku Hague loyang'anira panganoli amaonetsa kuti ambiri mwa makolo otenga ana ndi amayi, ndipo nthawi zambiri ndi amene ankalera anawo tsiku ndi tsiku. Ena mwa iwo amakhala akuthawa nkhanza ngati inu. Panganolo lili ndi gawo 13 lomwe limalola khoti kukana kubweza mwana ngati pali chiopsezo chachikulu chakuti akavulazidwa m'thupi kapena m'maganizo, kapena ngati mwana wamkulu ndithu akukana yekha. Koma makhoti amalitanthauzira mopanikiza, ndipo mayi wopanda lipoti la polisi kapena la chipatala amavutika kupereka umboni. Ndiye mantha anu ali ndi maziko. Ine maganizo anga ndi akuti tilowe, chifukwa pakali pano wopambana ndi amene wafika pa boda msanga, ndipo nthawi zambiri ameneyo ndi wa ndalama. Koma tilowe titakonza makhoti athu kuti azimva bwino nkhani za nkhanza. Inuyo panokha ndikukulangizani chimodzimodzi: pitani ku khoti la ana mukatenge pepala lakuti mwana ali m'manja mwanu, mufotokoze zonse zimene munakumana nazo. Tsiku lina munthuyo akhoza kutulukira pa geti la sukulu ndi nsapato zatsopano.

Nasibeko:
Zimenezo ndiye zimandisowetsa tulo. Aphunzitsi ake ndinawauza kuti asamupereke kwa wina aliyense. Za khotizo ndinkaopa kuti akandimanga ineyo.

Chisomo:
Yambani mwakaonana ndi loya wa ku Legal Aid musanalembe chilichonse, akuuzeni mmene mungaifotokozere.

Anti Grace (Leeds):
Moni nonse a kwathu, ine kwathu ndi ku Malosa. Ndingoonjezera mbali ina imene simungaione muli kumudzi. Kuno ku UK, lamulo la 1984 limati kholo lotulutsa mwana wosafika zaka 16 m'dziko popanda chilolezo cha kholo linzake lapalamula mlandu. Ndiye mabanja a Chimalawi akatha, kholo limodzi likafuna kupita ndi ana ku holide kwathu, linalo limatha kukaniza, ndipo khoti limachita mantha chifukwa Malawi sali m'pangano lija. Amadziwa kuti ana akapanda kubwerera palibe njira yachidule. Mnzanga wina mayi ake anamwalira asanaone adzukulu awo chifukwa cha zimenezi. Kusalowa kwathu kumapweteka ndi amene alibe cholinga choipa.

Bambo Chirwa:
Mwamva? Nkhaniyi ndiitengera ku msonkhano wa komiti ya sukulu yathu, tilembe kalata.

Che Mussa:
Mayi a Tadala, kumbali ya kuno ndithandiza chimene ndingathe. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Pretoria, ndipo ku Johannesburg kuli ofesi ina yoona za a Malawi. Sangakalande mwana, koma ndi bwino adziwe, makamaka ngati mwanayo alibe mapepala, chifukwa pobwerera adzafunika chikalata choyendera. Kuli Legal Aid South Africa ya anthu osowa ndalama ya loya. Chachikulu n'kudziwa komwe akukhala, poti khoti lifuna adiresi. A Malawi kuno timadziwana, ku mzikiti, ku tchalitchi, m'magulu a maliro. Mundilembere kumbali dera limene ankatchula kale. Ndifufuza mwakachetechete, sindikamuopseza ayi, angasamuke naye.

Aphunzitsi Kalua:
Ndipo akaimbanso foni, chonde ugwireni mtima. Musamutukwane, musamuuze za khoti. Pemphani kulankhula ndi mwana, funsani za mankhwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi a Tadala:
Ndamva nonse. Mawa ndiyambira kusukulu. Mulungu akudalitseni.

Patapita masiku 9

Mayi a Tadala:
Makolo anzanga, ndabwera kudzakuuzani pomwe zafika. Kalata ya ahedi ndinatenga. Ku Social Welfare anandilandira bwino, mayi wina anabwera kunyumba kudzaona pomwe mwana amagona, anaona ndi yunifolomu ija. Ku Legal Aid anatsegula failo, ndipo mapepala a ku khoti alowa dzulo. Andiuza kuti kupereka chisamani kwa munthu amene ali kunja kuli ndi ndondomeko yake, ndiye ndisayembekeze kuti zitha sabata ino. Achimwene anapita ku Balaka ndi amalume athu aakulu monga Agogo Mbewe ananenera. Poyamba apongozi anauma, koma atamva za mphumu anayamba kulira, akuti sanauzidwe kuti mwanayo amadwala chotero. Iwo ndi amene anamuimbira mwana wawo. Lamulungu madzulo anandiimbira pa vidiyo. Tadala ndamuona. Wametedwa tsitsi, wavala juzi ija ndinamulongedzera. Anandifunsa ngati mphaka wake akudya. Kusukulu sanayambe, masana amakhala ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba. Mankhwala atsala pang'ono. Bambo ake akuti tikambirana, koma tsiku sakutchula. Sindinatukwane, aphunzitsi, ngakhale manja ankanjenjemera.

Chisomo:
Mwayenda bwino kwambiri. Kukambiranako kupitirire, koma mlandu musauchotse ku khoti chifukwa cha lonjezo la pakamwa. Mukagwirizana chilichonse, kaya za holide, kaya za kuimbirana foni, chilembedwe ndipo khoti lichidinde. Mulembenso m'kope tsiku ndi nthawi ya foni iliyonse, ndi zimene mwaona, monga zoti sanayambe sukuluzo.

Bambo a Yankho:
Ndasangalala kuti mwamuona. Ine ndinapita ku Social Welfare Lachitatu. Andiuza kuti ndibwerenso ndi makadi a kusikelo a anyamata aja, ndawapeza m'thumba la maukonde.

Agogo Mbewe:
Apongozi akowo usawataye mwana wanga, uziwaimbira.

Mayi a Tadala:
Ndiziwaimbira agogo. Che Mussa, dera lija ndakutumizirani kumbali. Ndagula mankhwala opopera awiri, kodi alipo wodalirika amene akunyamuka sabata ino?

Che Mussa:
Alipo, mlamu wanga akukwera Lachisanu ku Blantyre. Muwakulunge bwino, mulembe dzina la mwana pamwamba, muikemo ndi fotokope ya tsamba la buku la kuchipatala lomwe adokotala analembapo mankhwalawo, kuti asavutike nawo pa boda. Akafika ndikawapereka ndekha pakhomo, ndipo ndikamuona mwanayo ndi maso anga.